Tinatenga Timabokosi, Chilapi Tinachisiya Pabwalo

Patchuthi cha mu Ogasiti ndinapita kwathu ku Nyimba kukaona amama. Tsiku lachiwiri, mwana wa mlongo wanga, mtsikana wa Giredi 4, anandibweretsera pepala limene analipinda kanayi n'kulibisa m'buku la masamu. Linali pepala la fotokope la phunziro la Chinyanja, lokhala ndi timabokosi topingasana tija Azungu amati crossword. Funso lachitatu linati: "Timamwa tikamva ludzu (5)." Mwanayo analemba MANZI. Pambali pake panali mtanda wofiira, ndipo pamwamba panalembedwa yankho limene ankafuna: MADZI.

"Amalume," anandifunsa m'Chinsenga chake, "ndinalakwa pati? Zilembo ndi zisanu, ndipo ndi zimene timamwa."

Ndinaliyang'anitsitsa pepalalo. Kabokosi kachitatu, pamene n ndi d akusiyana, sikanadutsidwe ndi liwu lina lililonse lotsika. Funsolo silinanene kuti likufuna liwu la m'buku kapena la kunyumba. Potsata malamulo a masewerawo, mwanayo anakhoza. Amene analephera ndi wolemba funso.

Sinditchula sukulu, ndipo mphunzitsi amene anachonga sindikumuimba mlandu. Inenso ndine mphunzitsi, ndimagwira ntchito ku Lusaka, ndipo mapepala otere ndawagawirapo ana Lachisanu masana nditatopa. Mkwiyo wanga uli pa tonsefe amene timalemba, kusindikiza ndi kugawa masewera a mawu m'Chinyanja. Tinaona crossword ya Azungu, tinatengako timabokosi topanda kanthu, koma nzeru yopanga funso lozunguza mutu, imene makolo athu anali nayo kale m'zilapi, tinaisiya pabwalo. Zimene timapatsa ana ndi mayeso ovala malaya a masewera, ndipo ana si opusa, amazindikira.

Taonani mafunso ena amene anali papepala lomwelo. "Chiweto chimene chimatipatsa mkaka." "Timagonamo usiku." "Tsiku lotsatira Lolemba." Funso lotere silifuna kuganiza. Ukalidziwa yankho, walemba. Ukapanda kulidziwa, palibe poyambira. Palibe pamene mwana angaseke, palibe pamene angamenye tebulo n'kunena kuti "aa, wandipusitsa!" Ndiye tikaona ana akuyasamula timayamba kunena kuti Chinyanja n'chosauka, kuti masewera a mawu amakoma m'Chingelezi mokha. Mawu amenewa ndawamva m'chipinda cha aphunzitsi kuchokera kwa anthu a madigiri, anthu amene akafika pamaliro kwawo amaseketsa khamu lonse ndi chimbuya mpaka ofedwa amwetulire. Munthu yemweyo akagwira choko amaiwala zoti ali ndi lilime.

Tiyeni tione kumene masewerawa anachokera, chifukwa mbiri yake ikutitsutsa. Crossword yoyamba imene anthu ambiri amaivomereza inatuluka pa 21 Disembala 1913 m'nyuzipepala ya New York World. Anaipanga ndi Arthur Wynne, munthu wobadwira ku Liverpool. Mafunso ake anali ongofotokoza tanthauzo la liwu, ngati a papepala la mwana uja. Masewerawa atafika ku Britain, anthu a kumeneko sanakhutire. Anayamba kulemba mafunso ophiphiritsa, oti ukawawerenga koyamba akukutengera kumadzulo pamene yankho lili kummawa. Edward Powys Mathers, amene ankadzitcha Torquemada, ankalemba mafunso otere m'nyuzipepala ya The Observer kuyambira 1926. The Times inayamba kusindikiza crossword yake mu 1930. Amene analowa m'malo mwa Mathers anali Derrick Macnutt, wodziwika kuti Ximenes, yemwe mu 1966 anatulutsa buku lofotokoza malamulo a luso limeneli. Phata la malamulowo ndi chilungamo: funso likhoza kukusocheretsa, koma lisakunamize, ndipo yankho likaululidwa uyenera kuvomera wekha kuti zonse zinali pamaso pako.

Aphunzitsi anzanga, Macnutt ameneyu anali mphunzitsi wa sukulu. Leonard Dawe, amene ankalemba crossword ya Daily Telegraph, anali hedimasitala. Mu Meyi ndi kuchiyambi kwa Juni 1944, mawu achinsinsi a asilikali okonzekera kukaukira ku Normandy, monga Utah, Omaha, Overlord, Mulberry ndi Neptune, anapezeka ngati mayankho m'masewera ake, ndipo akazitape a boma anabwera kudzamufunsa mafunso. Patapita zaka zambiri, mmodzi wa ophunzira ake anaulula kuti Dawe ankapatsa anyamata a pasukulupo timabokosi kuti adzazemo mawu, ndipo anyamatawo ankatola mawu amene ankamva kwa asilikali okhala pafupi. Nkhaniyi anthu amaikonda chifukwa cha ukazitape. Ine ndimaikonda chifukwa china: hedimasitala ankalola ana kubweretsa mawu awo, ochokera kumene ankasewera, n'kuwaika m'nyuzipepala ya dziko lonse. Ife mwana akabweretsa liwu la kunyumba kwawo timamuika mtanda.

Tsono chimene Angelezi anachipeza m'zaka za m'ma 1920, ambuya anu ndi anga anali nacho kale. Chilapi n'chiyani ngati si funso lophiphiritsa? M'mabuku a sukulu timaphunzitsa kuti wina amati "Chilape!" ena n'kuyankha "Nachize!", ndipo kwina amati "Ndagi!" Kenako pamabwera chiganizo chonena za nyumba yosakhala ndi khomo, iwe n'kumafufuza m'mudzi monse pamene yankho lili pansi pa nkhuku. Chilapi chabwino chimasocheretsa koma sichinama. Ukalephera umalipira ng'ombe yapakamwa chabe kuti akuuze, ndipo akakuuza umaseka chifukwa waona kuti unali pafupi. Malamulo a chilungamo a Macnutt ndi omwewa, kungoti athu sanalembedwe ku London. Ngakhale alendo anazindikira kulemera kwake. Mu 1939 Ernest Gray anasindikiza zilapi za Chinyanja m'magazini ya akatswiri yotchedwa Bantu Studies. Amene anakula akumvera Julius Chongo pa wailesi m'pulogalamu ya Poceza m'Madzulo akudziwa zimene chinenerochi chimachita chikakhala pakamwa pa mmisiri. Ndiye wina asatiuze kuti vuto ndi Chinyanja.

Ndisangolankhula, ndikupatseni zitsanzo zimene ndapanga ndekha, zoti aliyense wa inu angapange zoposa pamenepa akakhala pansi madzulo amodzi.

"Mwana akaukwera amasangalala, ukakwera wokha amayi ake amadandaula." Yankho ndi mtengo. Mayi aliyense wogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu waukulu pa Nyimba angalimasule funsoli basi isananyamuke, chifukwa matanthauzo onse awiri amakhala nawo tsiku ndi tsiku.

"Mmodzi yekha amalengeza kuti kwacha, koma ku Malawi afunika zana kuti ikwane kwacha." Yankho ndi tambala. Mwana amene wamasula funsoli waphunzira za nkhuku, za ndalama za dziko loyandikana nalo, komanso kumene dzina la ndalama yathu linachokera, ndipo palibe amene wamulembetsa manotsi.

"Amayenda pang'onopang'ono, amalankhula, ndipo umamunyamula paulendo kuti udye." Yankho ndi kamba, liwu limodzi la nkhope zitatu.

"Ndiwo yabisala mwa mnyamata." Yang'anani pakati pa liwulo mupeza nyama.

"Tauni yathu ikasintha chilembo chimodzi timagonamo, ikasinthanso timaphika, ikasintha kumchira timavina." Nyimba, nyumba, nyemba, nyimbo. Msodzi wa ku Luangwa angawonjezerepo nyambo. Dzina la boma lathu lomweli ndi nkhokwe ya masewera, koma ana a kumeneko akupatsidwa "Timagonamo usiku."

Palinso chuma chimene Chingelezi chilibe chochuluka ngati ife, mawu amvekero aja: mbee, bii, psuu, zii, phee. Funso lingangoti "Mmene mudzi umakhalira anthu onse akapita kumaliro," ndipo mwana adzalimbana nalo kusankha pakati pa zii ndi phee mpaka liwu lodutsa limuthandize. Kulimbana kumeneko ndiko kuphunzira chinenero.

Koma kukonza mafunso kokha sikukwanira, chifukwa kabokosi nakonso tinakatenga osakayeza. Crossword ya Chingelezi imaika chilembo chimodzi m'kabokosi kamodzi. Tikatsata zimenezi m'Chinyanja timagwa m'maenje atatu.

Dzenje loyamba ndi ng'ombe. Kodi liwuli lifuna timabokosi tingati? Mukapatsa kachizindikiro kapamwamba kaja kabokosi kakekake, ndi tisanu ndi tiwiri, koma palibe liwu lotsika limene lingadutse pamenepo. Mukakachotsa, mwaphunzitsa mwana kulemba ngombe, liwu limene kulibe, ndipo mawa mudzamuika mtanda pamayeso chifukwa cha chinthu chimene munamuphunzitsa nokha. Chimodzimodzi ph, th ndi kh. H wa mu phala si chilembo choima pachokha, ndi mpweya umene umasiyanitsa phala ndi pala, khola ndi kola. Kumupatsa nyumba yakeyake n'kudula liwu pamene silidukira.

Dzenje lachiwiri ndi malire a dziko. Kalembedwe kamene Unduna wa Maphunziro ku Zambia unavomereza mu 1977 kamalemba c pamene a ku Malawi amalemba ch, ndipo kamalemba ch pamene iwo amalemba tch. Choncho mwana wa ku Chipata amalemba cifukwa, zilembo zisanu ndi ziwiri, ndipo mnzake wa ku Mchinji, kungodutsa pa Mwami, amalemba chifukwa, zilembo zisanu ndi zitatu. Kuno nchito, uko ntchito. Crossword yopangidwa ku Lilongwe siingadzazidwe ku Petauke popanda kutsala kabokosi, ndipo yopangidwa ku Petauke imaperewera ku Lilongwe. Magazini ngati ino, imene imawerengedwa mbali zonse ziwiri ndiponso ku Tete ndi ku Johannesburg, ingasindikize iti?

Dzenje lachitatu ndi kapangidwe ka mawu athu. Liwu lililonse la Chinyanja limathera ndi a, e, i, o kapena u. Mzere wonse wa kumapeto kwa timabokosi umadzaza ndi zilembo zisanu zomwezi, ndipo palibe liwu lotsika lingapangidwe ndi mavawelo okhaokha. Komanso njira ina imene Angelezi amaikonda, yowerenga liwu chobwerera m'mbuyo, kwa ife siigwira. Tembenuzani mbale chilembo ndi chilembo mupeza elabm, phokoso la munthu wotsamwa.

Tsopano tembenuzani liwu lomwelo monga mmene tinkachitira tili ana pofuna kuti akuluakulu asamve zimene tikunena, osati chilembo ndi chilembo koma phatikizo ndi phatikizo, ma ba-be-bi-bo-bu aja. Mba-le asanduka le-mba. Mba-li asanduka li-mba. Sa-la asanduka la-sa. Mba-la asanduka la-mba, ndipo funso labadwa lokha: "Wakuba akatembenuka amamanga buluku." Chinenero chikutiuza chokha kuti njerwa yake ndi phatikizo. Ndi mmenenso timaphunzitsira kuwerenga mu Giredi 1: sitiyamba ndi kuwerengetsa zilembo za liwu, timayamba ndi ma, me, mi, mo, mu. Nanga bwanji pa masewera tikusiya njira imene ifeyo timaidalira m'kalasi?

Ndikunena kuti kabokosi ka crossword ya Chinyanja kazisunga phatikizo lathunthu. Ng'o-mbe, timabokosi tiwiri, kachizindikiro kali m'malo mwake. Chi-fu-kwa ndi ci-fu-kwa, timabokosi titatu mbali zonse za malire, aliyense alembe monga anaphunzirira. Ntchi-to ndi nchi-to, tiwiri. Amene akuona ngati uku n'kuphwanya mwambo wa masewerawa adziwe kuti mitundu ina inachita kale zotere osapempha chilolezo kwa wina. Ku Wales, zilembo ziwiri zoimira liwu limodzi, monga ll, dd ndi ch, zimalowa m'kabokosi kamodzi. A Dutch amachita chimodzimodzi ndi ij. Ku Japan kabokosi kalikonse kamasunga chizindikiro chimodzi cha kana, chimene nthawi zambiri chimaimira phatikizo lathunthu. Onsewa anaona kuti malaya obwereka sakuwakwana, anapita nawo kwa telala. Ife tikudula manja kuti tikwane m'malayamo.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinajambula pansi ndi kamtengo timabokosi tinayi, tiwiri pamwamba tiwiri pansi, ndipo ndinaitana ana a pakhomo. Amama anakhala pamphasa chapatali akusankha nyemba, akunamizira kuti sakumva. Mafunso anali awa, ndipo yankho lililonse ndi la maphatikizo awiri.

Chopingasa choyamba: "Chita ichi usanagwire nsima, ndipo ukaika ma patsogolo wapeza ndiwo."

Chopingasa chachiwiri: "Ukanena kawiri, nthano yayamba."

Chotsika choyamba: "Mlenje amachita, mlimi amasenza, ndipo ndi likulu la dziko lathu litadulidwa mutu."

Chotsika chachiwiri: "Tembenuza zimene mphunzitsi amalamula, udyerepo."

Yesani kaye musanapitirize kuwerenga. Mzere wapamwamba ndi sa-mba, wapansi ndi ka-le. Kutsika kumanzere ndi sa-ka, kumanja ndi mba-le. Timabokosi tinayi tokha, mawu anayi odziwika kwa mwana aliyense, koma ana anakangana mpaka mdima. Funso la saka analimasula ndi amama, amene sanapitirire sukulu ya pulayimale, ndipo anatero osadzutsa mutu pa nyemba zawo. Kenako anati, "Amphunzitsi, ndi zimenezi munapitira ku yunivesite? Izi ndi zilapi chabe, mwangozitsekera m'khola." Sindinawayankhe, chifukwa ananena zoona.

Ndivomereze kuti njira imeneyi ili ndi mtengo wake. M'timabokosi ta zilembo, mbale yodyera ndi m'bale wako zimalembedwa mofanana, MBALE, ndipo ungapange funso lokoma loti "Umadyerapo, umadya naye." M'timabokosi ta maphatikizo nthabwala imeneyi yafa, chifukwa mba-le ndi tiwiri pamene m-ba-le ndi titatu. Komabe ngakhale kutayako kuli ndi phindu: mwana amene wawerenga timabokosi n'kuona kusiyanako wamvetsa chifukwa chake m'bale amalembedwa ndi kachizindikiro, chinthu chimene ine ndakhala ndikuchifotokoza pabolodi zaka zambiri osamveka. Ndipo m woima payekha uja, wa mu m-te-ngo ndi m-nya-ma-ta, amapereka malo kwa iye amene kwawo amati mu-te-ngo. Kabokosi ndi komweko.

Izi zikundibwezera kwa mwana wa mlongo wanga ndi manzi ake. Ku Nyimba ndi ku Petauke, m'dziko la mafumu Ndake, Nyalugwe, Luembe, Mwape ndi Kalindawalo, chinenero cha pakhomo ndi Chinsenga. Munthu akakupeza amati "Muli tyani?" Nyumba ndi ng'anda, tsopano ndi lomba, madzi ndi manzi. Koma pa zinenero zisanu ndi ziwiri zimene boma linasankha kuti zizigwiritsidwa ntchito m'masukulu ndi pa wailesi, Chibemba, Chinyanja, Chitonga, Chilozi, Chilunda, Chiluvale ndi Chikaonde, Chinsenga palibe. Dongosolo la maphunziro limene linayamba kugwira ntchito mu 2014 linati ana a Giredi 1 mpaka 4 aziphunzira m'chinenero chimene akuchidziwa bwino, koma kwa mwana wa ku Nyimba chinenero cha m'bukucho chinali Chinyanja chotsamira ku Chichewa cha ku Katete ndi Chadiza. Ndi chinenero chapachibale, amachimva, koma si cha amake. Mwana ameneyu tsiku lililonse amanyamula mawu awiri a chinthu chimodzi. Kwa wolemba masewera a mawu, mwana wotere ndi wolemera kuposa mnzake wa liwu limodzi. Kwa wolemba mayeso, ndi mwana wovuta. Tasankha kumuona ndi diso la mayeso ngakhale pa nthawi ya masewera.

Ndikudziwa zimene ena a inu mukuyankha mumtima, chifukwa ndinazimva kale nditabwerera ku Lusaka n'kufotokozera anzanga.

Wina anati, mayeso a Giredi 7 ndi a sekondale amafuna Chinyanja cha m'buku, ndiye kulola manzi n'kumupha mwana. Sindikunena kuti mwana asaphunzire madzi. Ndikunena kuti mtanda wofiira sunamuphunzitse madzi, unamuphunzitsa kuti liwu la amake n'lolakwika ndipo anabisa pepala. Wolemba waluso akanachita chimodzi mwa ziwiri. Akanadutsitsa liwu lina pamalo a kusiyanapo, monga mu-dzi kapena dzi-ra, kuti mwanayo adzipezere yekha kuti apa pafunika dzi osati nzi. Imeneyi ndiyo ntchito yeniyeni ya timabokosi topingasana: amakukonza ndi mawu, osati munthu. Kapena akanaika kusiyanako m'funso lenilenilo: "Ku Nyimba ndi manzi, nanga ku Katete?" Pamenepo mwana waphunzira liwu la m'buku ndipo liwu la kwawo lasindikizidwa papepala la sukulu, mwina koyamba m'moyo wake.

Wina anati, zilapi n'za usiku pamoto, kuziika m'timabokosi n'kuzipha. Ndikufunseni, moto umenewo uli kuti? Ku Kanyama ndi ku Chawama ana amagona atagwira foni. Ngakhale kumudzi, pamene pali sola yaing'ono madzulo ndi a mafilimu. Zilapi tinazipha kale pamene tinaziika m'silabasi ngati mndandanda woloweza, mwana n'kumalemba mayankho makumi awiri a zilapi zimene sanavutike nazo. Chilapi chimene yankho lake waloweza si chilapinso. Chimene chingazisunge n'kupanga zatsopano, za foni, za minibasi, za mtengo wa feteleza, ndipo crossword ndi chifukwa chabwino chopangira zatsopano sabata iliyonse.

Wina anati, iyi ndi nkhani yaing'ono, sukulu zilibe madesiki ndi mabuku, iwe ukulira timabokosi. N'zoona kuti zilibe. N'chifukwa chake ndikulira. Masewerawa safuna buku, safuna magetsi, safuna wopereka thandizo wochokera kunja. Afuna choko ndi bolodi, kapena kamtengo ndi dothi. Kalasi ya ana ochuluka mopyola muyeso, imene mphunzitsi sangathe kuona kope la aliyense, ingagawidwe m'magulu, gulu lililonse lipange mafunso ake n'kusinthana ndi linzake. Mwana wopanga funso ayenera kudziwa tanthauzo la liwu, matanthauzo ake ena, maphatikizo ake ndi kalembedwe kake. Ndiuzeni ntchito ina ya m'kalasi imene imafuna zonsezi nthawi imodzi ndipo ana n'kumaipempha okha.

Wina, ndipo ameneyu ndiye anandipweteka, anangoseka n'kunena kuti amene akufuna crossword yeniyeni akagule nyuzipepala ya Chingelezi. Apa ndiye pagona matenda athu. Tinavomera mwakachetechete kuti Chingelezi ndi chinenero choganizira, ndipo Chinyanja n'cholamulira antchito, chopempherera ndi chotukwanira. Tikamalemba za ana m'Chinyanja timalemba ngati tikulembera anthu ochepa nzeru. Funso la "Timagonamo usiku" silinalembedwe chifukwa wolembayo analibe nzeru. Linalembedwa chifukwa sanakhulupirire kuti owerenga ake ali nazo, kapena kuti chinenerochi chiyenera thukuta lake. Mwana akakula akuona kuti chilichonse chovuta ndi chokoma chimabwera m'Chingelezi, ndipo chilichonse cha m'chinenero chake n'chophweka ndi chozizira, adzatenga phunziro limene sitinalembe pabolodi. Kenako tidzachita misonkhano m'mahotela kudandaula kuti achinyamata sawerenga mabuku a Chinyanja.

Choncho ndili ndi zopempha, ndipo si zazikulu.

Kwa aphunzitsi anzanga: Lachisanu likubwerali musapite ku fotokope. Jambulani timabokosi tinayi pabolodi, kalikonse ka phatikizo limodzi, ndipo muuze ana kuti adzazemo mawu n'kupanga mafunso okha. Lamulo likhale limodzi, loti funso lisocheretse koma lisaname. Mwana akabweretsa liwu la Chinsenga, la Chikunda, la Chitumbuka kapena la mu komboni, musafulumire kutenga bolopeni yofiira. Mufunseni mmene buku limanenera, ndipo mawu awiriwo apange funso.

Kwa olemba mabuku a sukulu ndi owasindikiza: lekani kumasulira masewera a Chingelezi. Ngati mulibe nthawi yopanga funso labwino, pitani kwa ambuya alionse a m'mudzi ndi paketi ya shuga, mubwerako ndi okwanira buku lonse. Ndipo musanasindikize, perekani masewerawo kwa mwana wa ku Petauke, wa ku Lundazi ndi wa ku Matero kuti muone mayankho ena olondola amene simunawaganizire.

Kwa mawailesi a m'madera athu, ku Petauke, ku Chipata ndi kwina: muli ndi omvera amene amaimba foni kudzapereka moni kwa abale. Apatseni funso limodzi lophiphiritsa mmawa, yankho madzulo, muone ngati mafoni angasiye kulira.

Kwa akonzi a magazini ino: mumasindikiza ndakatulo ndi nkhani zazifupi, ndipo tikuthokoza. Tipatseni kangodya kamodzi. Mafunso azichokera kwa owerenga, ndipo dzina la wopanga funso lizilembedwa monga mmene mumalembera la mlakatuli, chifukwa funso labwino limafuna khutu lomwelo.

Tsiku lobwerera, ndikudikira basi pakati pa mabeseni a nthochi, mwana uja anandikoka malaya. Anati wapanga funso lake ndipo ndisaliuze aliyense yankho mpaka ndikafike pa mlatho wa Luangwa. Funsolo linali ili: "Kusukulu amamwa a d, kunyumba timamwa a n, koma chitsime n'chimodzi." Ndinamuuza kuti ndalephera, ndipo ndinamulipira ng'ombe, yapakamwa, monga mwa mwambo. Anailandira mwaulemu ndi manja awiri. Funsoli ndinalilemba pabolodi sukulu itatsegulidwa, ndipo ana a ku Lusaka, amene ambiri a iwo amatinso manzi, analimasula mosavuta n'kuyamba kupanga awo. Pepala la mtanda wofiira lija ndinalisunga. Lili m'kabati yanga, pamwamba pa mapepala ena a fotokope amene sindidzawagawanso.